Mzamba Wopanda Chisa

Padangokhala, kale lija nyama zikadasunga ziweto ngati ife, bambo Ngaka anamwalira. Tsiku lometa maliro awo analipo ndi awa: mayi Ngaka, amasiyewo, a Nungu, ankhoswe a banjalo, ndi a Fulu, amene ananyamuka kwawo atamva za matenda koma anafika anthu akumeta. Amene kunalibe ndi awa: aphwawo a malemu awiri, amene anabwereka makasu n'kusowa nawo, ndi Namchira, yemwe sanaoneke pa matenda, pa maliro ngakhale pometa, koma anadzatulukira atamva kuti m'nkhokwe mwatsala mawere.

Chuma chimene malemu anasiya ndi khola la mbalame kuseri kwa nyumba, lolukidwa ndi bango. M'katimo munali achingolopiyo asanu ndi mmodzi, timpheta tina tosawerengeka bwino chifukwa sitikhazikika, ndi mpheta zachikasu ziwiri, zoyimba zija: a Kalimba, nkhalamba, ndi mkazi wawo wamng'ono, Nachikasu.

A Kalimba anali ndi nyimbo imene inayenda m'banja mwawo mibadwo isanu. Inkayamba pansipansi ngati madzi akulowa mu mtsuko, kenako n'kukwera, n'kuyamba kutchula mayina a onse amene anaisunga, woyamba mpaka bambo awo a Kalimba. Pothera inkafunsa kuti ailandire ndani. Pamenepo bambo Ngaka ankavomera pogwedeza mamba a kumchira kuti tswa tswa tswa. Iwo atapita, wovomera anatsala mayi. M'nyumba monsemo, chimene chinkamvekabe ngati mwamuna wawo alipo ndi nyimboyo basi.

Tsono mpheta zimenezi zili ndi malamulo awo. Yaikazi siyimba. Yaimuna imalandira nyimbo ikadali kamwana, ikaphonya pamenepo kummero kumauma. Ndipo mwana wamwamuna a Kalimba analibe. Nachikasu ankaikira dzira limodzi m'mawa uliwonse mpaka anayi, n'kuyamba kukhalira kuchokera pa loyamba. Oyamba kuswa ankakula n'kupondereza omaliza. Chaka chapitacho anapulumuka awiri, onse akazi, ndipo malemu anawapereka kwa anzawo.

Mvula itayamba, a Kalimba anati, "Amayi, dzinja lino ndi langa lomaliza. Nthenga zikadzathothokanso sizidzamera."

Mawa lake kunamveka odi. Anali Namchira, kambalame kotuwa kosaoneka bwino. Mchira wodzitamira analibe, dzinalo analitengera kwa mwamuna wake, Mchirautali.

"Pepani ndi zovutazi, alamu. Ndinali kutali kobadwitsa."

"Alamu ochokera mbali iti?" anafunsa mayi Ngaka.

"Malemu ndi amuna anga ankamwera chitsime chimodzi. Si chibale chimenecho? Ine ndine mzamba wa mazira. Ndamva kuti kuno ana akupondana."

Chingolopiyo wamkulu, kapitawo wa m'kholamo, anasuzumira pa bango. "Azamba, chisa chanu chili kuti, tikaone ana anu?"

"Woumba mbiya amaphikira m'phale, mwanawe. Khala chete akuluakulu akamalankhula." Anatembenukira kwa mayi Ngaka. "Nzeru yake nayi. Akaikira dzira, chotsani, muikepo nsangalabwi yoyera. Mawa chimodzimodzi. Likabwera lachinayi, mubweze onse tsiku limodzi. Akhalire pamodzi, aswe pamodzi, palibe wamkulu palibe wamng'ono."

Nzeruyo inali yoona, ndisanamizire munthu. Wakuba wochenjera sabwera chimanjamanja.

Nachikasu anakana. "Amayi, ndikhalire mwala ine?"

"Masiku atatu okha, mwanawe."

"Nanga ana anga azikagona kuti?"

"Kwathu kuli chikho cha gaga, mofunda bwino," anatero Namchira. "Mtengo wake ndi nsengwa imodzi ya mawere. Kwa ena ndimati ziwiri, koma pachibale."

Choncho m'mawa uliwonse Namchira ankalowa m'khola, n'kutenga dzira, n'kusiya mwala. Tsiku lachinayi anatenganso lomaliza, akuti akalisambitse ndi anzake, n'kubwera ndi mazira anayi. Nachikasu anakhalira masiku khumi ndi atatu. Anaswa onse m'mawa umodzi, ndipo mayi Ngaka analira ndi chimwemwe.

Tianato titayasamula, m'kamwa mwake munali timadontho tonyezimira ngati mikanda.

"Ana a a Kalimba ali ndi mikanda m'kamwa?" anatero Chingolopiyo.

"Ana a pa nsangalabwi amatero," anayankha Namchira.

"Nanga kuderaku?"

"Kodi nthochi imabadwa yakupsa? Chikasu chimabwera pambuyo."

Mayi Ngaka anali ndi maso ofooka, monga angaka onse. Iwo ankangoona timilomo tinayi tikuyasamula, n'kukhuta nazo. A Kalimba ankayimba m'mawa uliwonse, nyimbo yonse, madzi a mu mtsuko, mayina asanu, ndi funso lake, mayi n'kuvomera ndi mamba. Anawo anamera nthenga, anatsika m'chisa, ndipo awiri anayamba kung'ung'udza chiyambi cha nyimbo.

Tsiku lomwelo Namchira anafika ndi dengu. "Alamu, ana awa sanatuluke m'chikuta. Mwana wosaonetsedwa dzuwa ndi mzamba amakula wachibwibwi. Ndibwera nawo pompano."

Anabwera masana, dengu lili gwa, akudzigwetsa pansi. "Mayo ine! Kabawi! Onse anayi, alamu, onse anayi!"

Mayi Ngaka anamutonthoza iye, namupatsa nsengwa yake ya mawere, poti ntchito anali atagwira. Gwirani pamenepo: mazira anayi, nsengwa imodzi.

Nachikasu atakonzanso chisa, mayi Ngaka anati, "Ulendo uno mazira sachoka pakhomo pano." Ankaika chikho chawo pansi pa chisa, Nachikasu n'kukankhiramo dzira, iwo n'kulidontheza mwaye wa pa mphika ndi kaudzu, n'kukalisunga m'nyumba, m'chisa atasiyamo nsangalabwi.

Namchira anayamikira kwambiri. "Mwachita bwino, masiku ano anthu ndi osakhulupirika. Koma mukuwatembenuza?"

"Kutembenuza?"

"Iii, alamu! Dzira losatembenuzidwa limamatirira mbali imodzi, mwana amabadwa wopindika khosi."

Mayi Ngaka anayang'ana zikhadabo zawo, zokumbira chulu zija, naona kuti sizingatheke. Anatulutsa lilime. Koma lilime la ngaka ndi lomata. Dzira linakanirira, linakwera nalo m'mwamba, n'kugwa pansi kuti phwa.

"Mukanandiitana," anatero Namchira. "Sunthani, mukunditchinga kuwala."

Anakhala pafupi ndi mafuwa, pomwe panali mphika wamwaye uja, atafulatira, akutembenuza. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja. Lomaliza litaikiridwa analilandiranso m'manja mwake kuti alidontheze yekha. Pobwezera m'chisa, mazira anali anayi, onse ndi kadontho ka mwaye.

"Ine ndinaswa limodzi," anatero mayi Ngaka.

"Ndiye mukudandaula kuti achuluka? Mzimu wa malemu wakubwezerani. Mukufuna muukanire?"

Mayi Ngaka kuwerenga ankadziwa. Koma munthu akafuna chinthu kwambiri, amayamba wasiya kuwerenga.

Chingolopiyo anaseka mpaka kugwa pa kamtengo. "Amayi, dzira limabereka dzira? Anayi kuchotsa limodzi atsale anayi?"

"Ukuseka mzimu wa amuna anga iwe? Kuyambira lero mawere ako ndi theka."

"Chabwino. Pakamwa panga ndatseka. Ndikadzaona njoka ndidzangoipatsa moni."

Anaswanso anayi tsiku limodzi, ndi mikanda yawo m'kamwa. A Kalimba anayimbanso, koma tsopano mpweya unkawathera pa dzina lachinayi. Ankapuma, n'kumaliza lachisanu ndi funso lake motsitsa, mayi n'kuvomera. Nsengwa yachiwiri Namchira analandiriratu, akuti kunyumba kuli alendo.

Ana atayamba kung'ung'udza, Namchira anabwera ndi dengu lake.

"Libwezeni dengulo," anatero mayi Ngaka. "Achibwibwi akhale achibwibwi, koma pano satuluka."

"Mwanena zoona. Ine ndingokhala apa ndikuchezeni."

Anakhala padenga la khola. Anacheza za mvula, za matenda a a Fulu. Mayi Ngaka anatenga phale la madzi, natsegula chitseko cha khola, nalowetsa mutu.

"Kambuku! Alamu, kambuku kumbuyo kwanu!"

Ngaka akaopsedwa sathawa, satseka chitseko, safunsa kuti ali kuti. Amadzikulunga. Mayi anadzikulunga pakhomo pomwepo, mutu m'mimba, mchira pamwamba. Namchira analiza kaluzu kamodzi, ana anayi aja n'kutuluka pamwamba pa mamba awo ngati akudumpha mwala.

Podzafunyulula thupi, kambuku kunalibe. Chingolopiyo anali atakankha chitseko kuti ena asatuluke, koma sananene kanthu. Ndipo mumtengo wa pafupi munkamveka madzi akulowa mu mtsuko. Anali ana asanu ndi atatu pa nthambi imodzi, anayi a lero ndi anayi odyedwa ndi kabawi aja, ali onenepa bwino, aamunawo michira itayamba kutalika.

"Namchira! Ana a Nachikasu ali kuti?"

"Ati? Amene anaswawo ndi awa, ndipo ndi anga. Funsani aliyense."

"Mazira ake, asanu ndi awiri!"

"Mzamba sagwira ntchito ndi njala, alamu."

Mayi Ngaka anamanga chitseko ndi luzi pawiri. Anataya nsangalabwi zonse kudzala. Kwa Nachikasu anati, "Ikira, ukhalire wekha monga kale. Opondana apondane, bola akhale ako."

Nachikasu anali atawonda, pamimba nthenga zitatha. Anaikirabe anayi. Anakhalira masiku khumi ndi atatu, kachitatu tsopano. Anaswa motsatizana, lero mmodzi, mawa wina, tiana tofiirira, m'kamwa mopanda dontho ngakhale limodzi. Amenewa anali a a Kalimba enieni.

Namchira sanagogode, sanapemphe nsengwa. Anali ataswetsa ana ena awiri m'chisa cha Timba wina wosauka. Anadikira mayi Ngaka apite kokumba chiswe, nawatenga anawo, nawakhazika kunja kwa khola, kutsamira bango, pafupi ndi chisa cha Nachikasu. Anawo anayasamula. Mikanda inanyezimira pa mipata ya bango, ndipo kulira kwawo kunaposa kwa a m'chisa.

Nachikasu anali ndi mawere m'kamwa. Anayang'ana m'chisa, anayang'ana pa bango. Anapita pa bango.

Chingolopiyo anaona tsiku loyamba lomwelo. Anatembenuka n'kumakonza nthenga zake. Mayi Ngaka pobwera ankaona Nachikasu akuuluka uku ndi uku ndi chakudya, n'kumati mwanayu ndi wakhama. A Kalimba ankagona kwambiri masiku amenewo, ankadzuka kuti ayimbe n'kugonanso. Anadzidzimuka tsiku lachitatu atamva kuti m'chisa mwachepa phokoso. Awiri omaliza anali atauma.

"Nachikasu, ana ako ndi awa, m'chisamu."

"Awo sayasamula bwino. M'kamwa mwawo mulibe kanthu, chakudya ndiika pati?"

"Ndi magazi ako, mkazi wanga."

"Dzinja lino ndalera kawiri ine. Ndikudziwa mmene mwana amaonekera."

A Kalimba anaitana mayi Ngaka. Mayi anathamangitsa ana a Namchira, nakanda dothi, namata mipata yonse ya mbali imeneyo. Nachikasu anakakhala pansi pa dothi laliwisilo, mawere ali kukamwa, akuitana ana a kunja. Kuchisa sanabwererenso. Wachitatu anafa mawa lake. Anatsala woyamba kuswa, wamkuluko pang'ono.

A Kalimba anatsika pa kamtengo kawo. "Amayi, mlomo ndi umodzi. Ndiyimbe kapena ndidyetse?"

"Yimbani pang'ono, dyetsani pang'ono."

"Mpweya wa zonse ziwiri ndilibe. Mwana wotere amadya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

Mayi Ngaka anayang'ana kwa Chingolopiyo. "Iwe sungathandize?"

"Ine wa theka? Nanga mlomo wangawu ungakwane m'kamwa mwa mpheta yachikasu? Mukanafunsa dzana, bwenzi tikunena zina."

Mayi anati, "Dyetsani, agogo. Wakufa salandira nyimbo."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomopo panali zii. A Kalimba ankatafuna mawere, n'kukwera kuchisa, n'kutsika, n'kukweranso. Mwana anamera nthenga, zachikasu ngati dzungu, ndipo anali wamwamuna. Anamutcha Katsala. Iye akumera, a Kalimba anayamba kuthothoka. Tsiku limene Katsala anatola yekha njere yoyamba, nkhalamba inakwera pa kamtengo kake kuti iyambe kuphunzitsa. Madzi analowa mu mtsuko pang'ono, n'kuleka. Mayi Ngaka anadikira mchira uli m'mwamba. Dzina ngakhale limodzi silinatuluke. Pofika masana a Kalimba anali pansi, miyendo m'mwamba.

Katsala ankangoti tsi, tsi, ngati mpheta ya pamtondo. Masiku ankapita, kummero kukuuma. Nyimbo inalipo, koma inali mumtengo, m'kamwa mwa ana a Namchira.

Mayi Ngaka anakatenga a Nungu kuti akhale mboni, napita pansi pa mtengowo.

"Alamu! Mwatiyendera lero? Pepani ndi maliro a agogo aja, ndinali kobadwitsa."

"Ndabwera kudzatenga nyimbo ya kwathu."

"Mwabwera ndi dengu loti tiikemo?"

A Nungu anaimitsa minga. "Mayi inu, nyimboyo munaba."

"Ndinaba bwanji, ankhoswe? Agogo ankayimba okha, ana anga anali ndi makutu. Ndikanawatseka ndi phula? Ndipo kunena zoona, pakanapanda ine bwenzi nyimboyo ili m'manda lero. Ndine nkhokwe yanu ine. Nkhokwe saitukwana."

A Nungu anatsitsa minga. 

"Unene mtengo," anatero mayi Ngaka.

"Pachibale sitinena mtengo. Dzinja lililonse chisa chimodzi m'khola mwanu chizikhala changa, ndi nsengwa ya mawere ya ana. Anyamata anga azibwera m'mawa uliwonse kudzayimbira kamwana kanuko."

"Chisa cha ndani?"

"Nachikasu amawadziwa kale ana anga. Mukamupatsa ena mungomuvutitsa."

Mayi Ngaka anavomera, a Nungu ali pomwepo.

Anyamata a Namchira ankatera padenga la khola m'mawa uliwonse, michira ili lende. Katsala ankapendeketsa mutu kumvetsera. Patatha mwezi anang'ung'udza, patatha iwiri anatsegula kummero. Mawu ake anali a bambo ake enieni, moti Chingolopiyo anasiya kudya. Madzi analowa mu mtsuko, nyimbo inakwera, inafika pa mayina. Inatchula Mchirautali. Inatchula Namchira, mayi wa ana ambiri. Inatchula anyamata a padenga mmodzimmodzi. Mayina asanu aja munalibe, la a Kalimba munalibenso. Kenako inafunsa, mokoma ngati kale, kuti ailandire ndani.

Mayi Ngaka sanagwedeze mamba. Analowetsa mutu m'khola. "Mwanawe, si mayina ako amenewo. Tamvera ndikuuze a kwanu." Anawatchula onse asanu, n'kuwonjezera la bambo ake.

Katsala anamvetsera mwaulemu, nawabwereza bwinobwino ndi pakamwa. Koma poyimba, kummero kunatulutsa zomwe kunalandira. Anayesa katatu.

"Amayi, amenewo sakulowa. Kodi ndi ofunika kwambiri?"

Mayi Ngaka anatulutsa mutu, namanga chitseko, nadzikulunga pomwepo. Kuyambira pamenepo, nyimbo ikafika pa funso, pakhomopo sipavomera munthu.

Nthano yathera apa, koma zotsala zake sizinathe, ndipo ndi izi. Namchira sanabweze mazira asanu ndi awiri a Nachikasu, ndi nsengwa ziwiri za mawere zimene analandira pa ntchito yodzigwirira yekha. Timba uja sanapatsidwe kanthu, ngakhale zikomo. Chingolopiyo ali ndi mlandu wa ana awiri amene anafa iye akukonza nthenga, koma nayenso theka la mawere ake sanabwezeredwe mpaka lero. Mayi Ngaka ali ndi mlandu wa dzira limodzi limene anaswa ndi lilime, masiku asanu ndi limodzi amene anakhazika Nachikasu pa miyala iye akukana, ndi chisa chake chimene anapereka osamufunsa. A Kalimba sanatchulidwe mu nyimbo yawo. Amene amalandira zake zonse, dzinja ndi dzinja, osachedwa ngakhale tsiku limodzi, ndi Namchira yekha.